Zithunzi za pakhoma la kiliniki: kukula kwake, felemu lake ndi kakhomedwe kake

Mafelemu ndakhoma ochuluka pa zaka zanga za ukalipentala: a zithunzi zaukwati, a masatifiketi, a m'maofesi. Koma ntchito imene ndimaiganizira kwambiri ndisanagwire sowo ndi ya m'kiliniki. Kunyumba chithunzi amachiona eni ake, atakhuta, mtima uli m'malo. Kukiliniki amachiona mayi amene wachezera usiku wonse ndi mwana wotentha thupi, kapena bambo amene akudikira zotsatira za magazi ndipo akusowa poika maso. Khoma lomwelo limapukutidwa ndi klorini, machira amalikhula podutsa, ana amaligwira ndi manja a mafuta a mandasi. Felemu limene likhala zaka makumi awiri pabalaza likhoza kutha chaka chimodzi m'chipinda chodikirira odwala, kapena kuvulaza munthu.

Malangizowa ndalembera eni makiliniki ang'onoang'ono, a sisita amene auzidwa kuti akonze chipinda, komanso akalipentala anzanga amene alandira oda yotereyi koyamba.

Khalani kaye pabenchi

Musanapite kwa osindikiza kapena kwa kalipentala, khalani pamene odwala amakhala. Khalanipo mphindi khumi zathunthu. Maso anu akugwera pakhoma liti? Limenelo ndilo khoma la chithunzi. Ambiri amakhoma chithunzi chachikulu pamwamba pa benchi, kumbuyo kwa odwala, chifukwa m'pamene chimaonekera bwino kwa wolowa pakhomo. Wolowayo amachiona kamphindi chabe. Wokhala pabenchi, amene atha ola lonse pamenepo, amangopenya khoma loyera kapena chitseko cha kuchimbudzi.

Chitani zomwezo m'chipinda choonera odwala. Khalani pampando wa wodwala, osati wa adokotala. Kenako gonani pabedi loyezerapo, mutembenukire kumene munthu amatembenukira akamabayidwa jakisoni. Pamene maso anu aima, ikanipo kachizindikiro ka pensulo.

Muonenso zenera. Mu 1984 wofufuza wina, Roger Ulrich, adatulutsa zimene adapeza atasanthula mafayilo a odwala 46 amene adachitidwa opaleshoni ya ndulu m'chipatala china ku Pennsylvania, ku America. Theka la iwo mazenera awo ankayang'ana mitengo, theka lina ankayang'ana khoma la njerwa. Oona mitengo aja ankatuluka m'chipatala msangako, pa avereji patatha masiku 7.96 pamene anzawo 8.70, ndipo sankafuna kwambiri mankhwala amphamvu opha ululu. Zindikirani kuti uku kunali kuona mitengo yeniyeni pazenera. Ngati zenera lanu likuyang'ana mtengo wa mango kapena phiri, tembenuzani mabenchi ayang'ane kumeneko, ndipo musalitseke ndi kabati. Chithunzi chimagwira ntchito pamene zenera lotere palibe.

N'chifukwa chake ndimalimbikitsa zithunzi za chilengedwe chodekha, makamaka cha kwathu kuno: nyanja m'mawa ku Cape Maclear, minda ya tiyi ya ku Thyolo, mapiri otsetsereka a ku Nyika, nsomba za mbuna, mlambe uli wokha padambo. Koma ganizirani amene akudwala kwanuko. Kwa munthu wa ku Chilobwe, ku Mulanje kapena ku Phalombe amene adaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, chithunzi cha madzi otsika mwamphamvu m'phiri si chopumitsa mtima. Zigoba za gule wamkulu ndi luso lalikulu, ndipo amene adafika ku Kungoni ku Mua akudziwa, koma mwana amene akuopa kale jakisoni musamuonjezere mantha, ndipo odwala ena chipembedzo chawo sichigwirizana nazo. Zojambula za mizeremizere yosadziwika mutu wake zisiyeni ku ofesi ya eni kiliniki. Munthu wodwala amaonamo zimene mtima wake ukuopa.

Yezani, mulembe

Tengani tepi yoyezera ndi pepala. Pakhoma lililonse lembani zinthu zinayi: mulifupi mwa malo opanda kanthu, kutalika kuchoka pansi kufika kusiling'i, kutalika kwa benchi kapena tebulo lili pansi pake, ndi mtunda wochoka pamene wodwala wakhala kufika pakhomalo. Malo opanda kanthu muwayeze mutachotserako swichi, soketi, chozimira moto, bolodi la zidziwitso ndi pamene chitseko chimafika chikatsegulidwa. Kuchoka pa zinthu zimenezi, komanso pakona ya chipinda, siyani mpata wosachepera masentimita 20.

Kusankha kukula

Pano m'pamene ndalama zambiri zimatayika. Pa makiliniki amene ndawaona, vuto la ambiri n'limodzi: zithunzi zazing'ono kwambiri, zomwazikana pakhoma lalikulu ngati nkhuku zothawa mvula. Mwini wake adagula tizithunzi tisanu ndi kamodzi chifukwa kalikonse kanali kotchipa, koma ataphatikiza mtengo wa mafelemu onsewo akadagula chimodzi chachikulu chooneka bwino, chosavuta kupukuta.

Osindikiza athu amagwiritsa ntchito miyezo ya mapepala, choncho ndi bwino kuiloweza. A4 ndi masentimita 21 kwa 29.7. A3 ndi 29.7 kwa 42. A2 ndi 42 kwa 59.4. A1 ndi 59.4 kwa 84.1, ndipo A0 ndi 84.1 kwa 118.9. Muyezo uliwonse ndi theka la wotsatira wake. Mukakhala m'miyezo imeneyi, tsiku limene chithunzi chafufuka mumangosindikiza china n'kulowetsa m'felemu lomwelo. Mukapanga muyezo wanuwanu, mudzalipira kalipentala kawiri.

Mtunda ndiwo umalamula. Ine ndimawerengera motere. Ngati wodwala ali pafupi, mita imodzi kapena imodzi ndi theka, monga m'kachipinda koonera odwala, A3 ikwanira. Pa mamita awiri ikani A2. Kuyambira mamita atatu kupita kutsogolo, monga m'chipinda chodikirira, musatsike pa A1, ndipo ngati khoma likulola, A0. Kumbukirani kuti ambiri okhala pabenchipo ndi achikulire amene maso awo adayamba kuchita khungu, ena ndi a shuga, ena abwera dala kudzayezetsa maso. Kachithunzi ka A4 kali pa mamita anayi kwa iwo ndi kabanga chabe.

Ngati pansi pa chithunzi pali benchi, tebulo kapena kauntala, mulifupi mwa chithunzi pamodzi ndi felemu lake mukhale pafupifupi magawo awiri mwa atatu a chinthucho. Benchi ya masentimita 180 ikufuna zithunzi zotenga masentimita 120. Mukhoza kuika A0 imodzi yogona, imene ndi felemu lake ipitirira pang'ono pokha. Kapena ikani ma A2 awiri oimirira: pepala la 42, malire a katoni yoyera ozungulira chithunzi, a masentimita 5 mbali zonse, felemu la 2.5, zonse pamodzi 57. Awiri akhala 114, pakati pawo mpata wa 6, yakwana 120 ndendende.

Zithunzi zikakhala ziwiri kapena zitatu, zitengeni ngati chinthu chimodzi. Mpata pakati pake ukhale masentimita 5 mpaka 8, wofanana ponse, ndipo mafelemu akhale a mtundu umodzi. Mukatalikitsa mpata, diso limaleka kuziona ngati gulu.

Khoma lalitali lopapatiza, monga pakati pa zitseko ziwiri, limafuna chithunzi choimirira. Khoma lotambalala limafuna chogona. M'khonde lodutsamo machira ndi njinga za odwala, anthu amaona chithunzi ali pafupi ndiponso akuyenda, choncho A3 kapena A2 zingapo pamzere umodzi zimakhala bwino kuposa chimodzi chachikulu, ndipo felemu lisatuluke pakhoma kupitirira masentimita atatu.

Yesani ndi katoni musanalipire

Dulani katoni kapena lumikizani nyuzipepala pamuyezo umene mwasankha, felemu muwerengeremo. Matani pakhoma ndi tepi yapepala, imene sichotsa penti. Bwererani pabenchi. Siyani katoniyo tsiku lonse la ntchito, muone ngati chitseko chikuigunda, ngati mutu wa munthu ukuifika, ngati dzuwa la masana likuiwomba. Funsani oyeretsa ngati dzanja lawo lifika pamwamba pake popanda kukwera pampando. Kawirikawiri katoni ikakhala pakhoma, eni kiliniki amanena okha kuti: “Bambo, onjezerani, chachepa.”

Chithunzi chenichenicho chikwanira kukula kumeneko?

Chithunzi chooneka bwino pafoni chikhoza kusweka chikakulitsidwa. Kuti A2 ituluke bwino, fayilo ikhale ndi mapikiselo pafupifupi 2480 kwa 3508, kutanthauza kamera ya mamegapikiselo 9 kapena kuposa. Mafoni ambiri amasiku ano amakwanitsa. Chimene chimawononga ndi katumizidwe: WhatsApp imachepetsa chithunzi mukachitumiza mwa nthawi zonse. Tumizani ngati document, kapena nyamulani pa fulashi. Pa A1 ndi A0, pemphani osindikiza ayambe atulutsa kachigawo kakang'ono pa A4, pakukula komwe chidzakhale, muone ndi maso anu musanalipire chonse.

Funsaninso za inki. Pali inki ina imene imafufuka msanga padzuwa, thambo labuluu n'kusanduka lotuwa chaka chisanathe. Nenani kuti mukufuna inki ya pigment kapena kusindikiza kwa UV, papepala losanyezimira. Ndipo chithunzi chikhale chanu, kapena chogula kwa mwini wake. Wojambula ali ndi umwini pa ntchito yake, ndipo bungwe la COSOMA lilipo chifukwa cha zimenezi. Nkhope ya wodwala, ngakhale akumwetulira chotani, isakwere pakhoma popanda chilolezo chake cholemba. Anthu a m'dera amadziwana, ndipo adzafunsa kuti ankadwala chiyani.

Galasi kapena perspex

Apa ndilankhule mosabisa: m'malo ofika odwala sindiikanso galasi wamba. Ndidaphunzira movutika. Pakiliniki ina ndidakhoma felemu la A1 la galasi pamwamba pa benchi, pa msomali umodzi ndi waya, monga ndimachitira m'nyumba. Patapita masabata angapo bambo wina wamtali adatsamira khoma, mutu wake udakankha felemu m'mwamba, waya udachoka pamsomali. Galasi lidasweka pabenchi pamene mphindi zochepa m'mbuyomo padali mayi ndi khanda. Palibe adavulala, koma kulakwa kudali kwanga, ndipo mpaka lero ndikaona galasi pamwamba pa mitu ya anthu mtima umandigunda.

Galasi limalemera makilogalamu awiri ndi theka pa sikweya mita iliyonse, pa milimita imodzi ya kuchindikala kwake. A1 ndi theka la sikweya mita, choncho galasi la mamilimita atatu lokha likulemera pafupifupi makilogalamu anayi, felemu tisanawerengere. Perspex, imene ndi pulasitiki yolimba yoonekera ngati galasi, ikakhala ya kuchindikala komweko imalemera pafupifupi theka, ndipo ikagwa imang'aluka m'zidutswa zikuluzikulu zosathwa kwambiri, mosiyana ndi za galasi. Pa A3 ndi A2 mamilimita awiri akwanira. Pa A1 ndi A0 tengani atatu, chifukwa yopyapyala imapindika pakati n'kumaonetsa chithunzi ngati chili m'madzi.

Koma perspex ili ndi adani awiri, ndipo onse amapezeka m'kiliniki. Woyamba ndi sipiriti. Mukaipukuta ndi sipiriti kapena sanitayiza wa m'manja, imayamba timing'alu ting'onoting'ono tosachoka, kenako imachita mbuu. Wachiwiri ndi nsanza youma ya fumbi, imene imaikanda. Ngati mukudziwa kuti oyeretsa anu amapukuta chilichonse ndi sipiriti ndipo simungawasinthe, pali njira ina: sindikizani chithunzi pa vinyl, pepala lapulasitiki lomata, chimatidwe pa bolodi la aluminiyamu kapena la PVC ngati la zikwangwani, pamwamba amatepo lamineti yosanyezimira. Chotere sichifuna galasi kapena perspex, ndipo opanga zikwangwani m'matauni athu amachidziwa bwino.

Kunyezimira musakuiwale. Chithunzi choyang'anizana ndi zenera kapena chili pansi pa getsi la chubu chimasanduka kalilole, wodwala n'kumadziona yekha. Imikani kalilole wamng'ono pakhoma pamene pali katoni ija, mukhale pabenchi. Mukaona zenera kapena getsi m'kaliloleyo, sunthani malo kapena sankhani chosanyezimira.

Kanivasi yopanda chotchinga, ngati ija amagulitsa ojambula m'misika ya alendo, komanso nsalu, zoluka ndi mphasa zokongoletsa, zimagwira fumbi ndipo sizipukutika. Mukazikonda, zitsekereni m'felemu lakuya kuseri kwa perspex, kapena zikhale ku ofesi.

Felemu lenilenilo

Uzani kalipentala mawu awa: felemu losalala, lopanda mizere, lopanda zosema. Mzere uliwonse wokongoletsa ndi ngalande ya fumbi, ndipo fumbi la mwezi wa Okutobala mukulidziwa. Nsanza idutse kamodzi, ntchito yatha. Makona akunja awapale pang'ono ndi sandipepa kuti asabaye phewa la wodutsa.

Mulifupi mwa thabwa mutsatire kukula kwa chithunzi. Pa A4 ndi A3 masentimita awiri akwanira. Pa A2, awiri ndi theka kapena atatu. Pa A1 ndi A0, atatu mpaka anayi, ndipo kumbuyo aikeko thabwa lopingasa kuti felemu lisatambasuke pakati. Thabwa lopyapyala pa chithunzi chachikulu limatsegula makona. Lonenepa pa kachithunzi kakang'ono limameza chithunzicho.

Za mtundu wa mtengo. Paini, monga wa ku Chikangawa, ndi wopepuka, wotchipa, ndipo amalandira penti bwino, koma chiswe ndi tizilombo toboola matabwa timamukonda, choncho apakidwe mankhwala asanapakidwe vanishi. Mlombwa ndi wabwino koposa: sasuntha ukauma, mtundu wake ndi wofunda, tizilombo sitiulowa msanga, koma wayamba kusowa ndipo ndi wodula. Mbawa nayo ndi yabwino. Bulugama amapindika ndi kung'aluka ngati sanaume bwino, sindimuika pa felemu lalikulu. Mkungudza wa ku Mulanje musaugule konse ngakhale wina akutsatseni. Mtengowu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo.

Chachikulu kuposa mtundu ndi kuuma. Thabwa laliwisi limaoneka bwino tsiku lotenga, koma pakatha miyezi iwiri makona amayasama. Funsani kalipentala kuti matabwawo akhala nthawi yaitali bwanji pamthunzi. Makona alumikize ndi guluu pamodzi ndi kamtengo kolowetsa kapena zitsulo za pakona, osati misomali yokha. Vanishi kapena penti ya mafuta ipakidwe mbali zonse, kumbuyo komwe. Thabwa lopakidwa kutsogolo kokha limamwa chinyezi kumbuyo n'kupindika.

Mafelemu otchipa a m'mashopu ambiri ndi utuchi wopanikiza wokutidwa ndi pepala looneka ngati thabwa. Madzi akangolowa pakona amatupa ngati buledi. Kumalo a chinyezi, monga ku Nkhata Bay kapena ku Thyolo nthawi ya chiperoni, satha nyengo ziwiri za mvula. Aluminiyamu ndi wopepuka, chiswe sichimudya, ndipo alipo mafelemu ake otseguka kutsogolo amene ndi abwino kwa mapositala osinthasintha. Vuto lake n'lakuti klorini amamudya n'kusiya mawanga oyera, choncho akapukutidwa ndi klorini atsukulidwenso ndi madzi oyera.

Mtundu wa felemu ukhale umodzi m'kiliniki yonse: thabwa la mtundu wake wachibadwa, loyera, kapena lakuda lopyapyala. Ine ndimakonda thabwa lachibadwa m'chipinda chodikirira chifukwa limachotsa kuzizira kwa makoma oyera. Felemu lakuda lonenepa lozungulira chithunzi cha munthu limakumbutsa maliro, ndipo m'chipatala si pofunika zimenezo. Lagolide lisiyeni.

Mkati ndi kumbuyo

Chithunzi chisagunde perspex kapena galasi. Kukazizira m'mawa chinyezi chimaundana mkati, pepala limamatirira, ndipo pochotsa limasenda. Malire a katoni yoyera yochindikala, a masentimita 5 pa A3 ndi A2, kapena 7 pa zazikulu, amasiya mpweya pakati ndipo amakulitsanso chithunzi popanda kulipira kusindikiza kwakukulu. Ngati simukufuna malire, kalipentala aike timitengo topyapyala m'mphepete mobisika.

Kumbuyo musatseke ndi katoni ya shuga kapena ya sopo. Mphemvu zimaikonda. Ikani pulayiwudi yopyapyala yopakidwa vanishi kapena bolodi la PVC, ndipo mpata wonse wozungulira umatidwe ndi tepi yolimba. Kuseri kwa felemu ndi malo obisalamo nsikidzi, mphemvu ndi akangaude, makamaka m'wodi yogona anthu. Felemu lotsekedwa bwino lilibe polowera. Pamakona awiri apansi matanipo timphira ta mamilimita atatu kapena asanu, kuti mpweya uzidutsa pakati pa felemu ndi khoma. Ndipo khoma lopakidwa pulasitala chatsopano, kapena limene limatuluka mchere woyera nthawi ya dzinja, musakhomepo kanthu mpaka litauma kapena litakonzedwa.

Kukhoma

Pakhoma lopanda benchi, pakati pa chithunzi pakhale masentimita 145 kuchoka pansi. M'pamene pamagwera maso a munthu woimirira. Ngati ochiona ambiri ali chokhala, tsitsani pa 135 kapena 140. Pafupifupi aliyense amakhoma pamwamba kwambiri, ngati kalendala ya m'sitolo, wodwala n'kumapinda khosi.

Kawerengedwe kake n'kotere. Tinene kuti felemu ndi lalitali masentimita 64. Theka lake ndi 32. Onjezani pa 145, mupeza 177, apo ndiye pamwamba pa felemu. Ngati zokolekera zili masentimita 8 pansi pa nsonga, mabowo aboolani pa 169. Gwiritsani ntchito levulo, musadalire mzere wa siling'i kapena wa pansi, chifukwa nyumba zathu zambiri sizinawongoke.

Pamwamba pa benchi lamulo la 145 silikugwira. Mutu wa munthu wamkulu wokhala pabenchi umafika cha m'ma 130, ndipo mayi wovala duku kapena bambo wa chipewa amapitirira. M'munsi mwa felemu musatsike pa masentimita 140.

Msomali umodzi ndi waya ayi. Boolani mabowo a mamilimita 6, lowetsani mapulagi apulasitiki, mange ndi masikuluwu. Felemu ligwidwe malo atatu kapena anayi: tizitsulo tiwiri pamwamba, kamodzi kapena tiwiri pansi, kuti ngakhale wina alikankhe kuchokera pansi lisachoke. Tizitsulo timene amamangira kalilole pakhoma timagwira ntchitoyi bwino ndipo timapezeka m'mahadiweya. Kumanga kotere kumaletsanso wakuba wongonyamula. Pa njerwa zootcha, boolani panjerwa penipeni, osati pamatope apakati, amene amafumbutuka. Pa buloko la simenti la bowo mkati, pemphani mapulagi ake otambasuka. Mawaya a magetsi nthawi zambiri amakwera molunjika kuchoka pa swichi kapena soketi kupita kudenga, choncho pamzere umenewo musaboolepo.

Pamwamba pa bedi la wodwala, kumutu, musakhomepo chilichonse cholemera. Tili m'chigwa cha zivomezi. A ku Salima akukumbukira cha 1989, a ku Karonga cha Disembala 2009. Chithunzi chikhale kumapazi kapena pambali, kumenenso n'kumene wogonayo angachione.

Kumene felemu silifunika

M'chipinda chomangira mabala, chobayira jakisoni, chochirira amayi, mu labu ndi mu fiyeta, khoma liyenera kutsukika lonse kuchoka pamwamba mpaka pansi. Felemu lisalowemo. Pafupi ndi sinki yosambira m'manja siyani mpata wa mita, chifukwa madzi amathovukira patali kuposa mmene timaganizira. Kumene kumafika odwala matenda a maganizo musaike galasi, waya kapena chingwe.

Komabe m'zipinda zimenezi m'mene muli mantha ambiri, ndipo maso amafuna pogwira. Njira yake ndi kujambula pakhoma penipeni ndi penti ya mafuta yotsukika, kapena kumata chithunzi cha vinyl. Kwa madokotala a mano, ndi pamwamba pa bedi lopimira amayi oyembekezera, vinyl yomata kusiling'i, ya kukula kwa A1, imathandiza kuposa chilichonse cha pakhoma. Kusikelo ya ana, itanani wojambula zikwangwani wa m'dera lanu ajambule nsomba, mbalame ndi njovu m'munsi, pakati pa masentimita 60 ndi 120, pamene mwana angaloze ndi chala mayi akumusokoneza kuti asaone singano.

Zapakhoma zimene si zokongoletsa

Tchati choyezera maso cha Snellen chili ndi muyezo wake. Chambiri chimawerengedwa pa mamita 6, ndipo zilembo zake zidayezedwa pa mtunda umenewo. Musachikulitse kapena kuchichepetsa pa fotokope kuti chilowe m'felemu limene muli nalo, chifukwa zotsatira zonse zidzakhala zabodza. Chikhale pamlingo wa maso a woyezedwa, powala bwino, chopanda chonyezimira kutsogolo, ndipo pambali pake pasakhale chithunzi china.

Masatifiketi a Medical Council of Malawi, a Nurses and Midwives Council ndi a bungwe loona za mankhwala la PMRA aikeni pamodzi, pamzere umodzi, pafupi ndi polandirira odwala pamene munthu angayandikire n'kuwerenga. Yezani pepala lililonse musanaode felemu. Kumbuyo kwake kukhale kotsegula ndi tizitsulo totembenuza, chifukwa ziphaso zina zimasinthidwa chaka ndi chaka. Satifiketi yeniyeni musaimate lamineti yotentha, siidzachokanso.

Mapositala a malungo, katemera, kolera ndi kulera apatseni khoma lawolawo kapena bolodi limodzi, ndipo akale azichotsedwa. Positala ikamatidwa ndi selotepi pambali pa chithunzi cha nyanja, zonse ziwiri zimafa. Ngati mukusindikiza uthenga wanu, zilembo zikhale zazitali sentimita imodzi pa mamita awiri aliwonse a mtunda wowerengera.

Auzeni oyeretsa tsiku lomwelo

Ntchito yonseyi ili m'manja mwa amayi kapena abambo ogwira mopu, choncho tsiku lokhoma aitaneni aone. Pa perspex: nsanza yofewa yonyowa, madzi a sopo pang'ono, sipiriti ayi. Madzi kapena mankhwala athire pansanza, osati pafelemu, chifukwa amatsikira m'munsi n'kulowa mkati mwa pepala. Pamwamba pa felemu, pamene sipaoneka, apukutepo sabata iliyonse.

Kawiri pachaka, mvula isanayambe mu Novembala ndiponso ikatha mu Epulo, masulani felemu lililonse. Onani kumbuyo ngati kuli nkhungu, mazira a mphemvu kapena kaufa ka tizilombo toboola. Gwedezani masikuluwu, muone makona, musinthe tepi ngati yamatuka. Felemu limene layamba kutulutsa ufa lichotseni tsiku lomwelo, lisadikire kuti lipatsire anzake.